MBALE YA MLENDO: MBIRI YA MALO ODYERA KWATHU

Tsiku la tchuthi likafika, misewu imadzaza ndi anthu. Ana athu ogwira ntchito ku Tete, ku Moatize ndi ku Lichinga amabwera kudzationa. Ena amatsikira kunyanja, ku Metangula kapena ku Meponda, kukapuma. Galimoto ikaima pamsika, apaulendo amatsika ndi njala, nayang'ana kumene kukufuka utsi. Pamene pali utsi pali mayi wophika, pali benchi, pali beseni la madzi osamba m'manja. Munthu amakhala pansi, amadya, amalipira, napitiriza ulendo wake.

Zimenezi timaziona ngati zinalipo kuyambira kale. Koma sizinali choncho. Makolo akale sankagula nsima. Agogo athu ankaphika m'mahotela a atsamunda, koma sankaloledwa kukhala pa tebulo. Mbale ya mlendo ili ndi mbiri yake. Tiyeni tiiwerenge pamodzi.

MLENDO NDI MAME

Kale, m'dziko la Amaravi, dziko la Kalonga, Undi ndi Lundu, munalibe nyumba yogulitsiramo chakudya. Munthu wa paulendo ankanyamula kamba: ufa pang'ono, nyama kapena nsomba youma, ndi mphonda ya madzi. Dzuwa likapendeka ankalowa m'mudzi umene wafikamo. Ankapita kwa mfumu, nanena kumene wachokera ndi kumene akupita. Ankamuyalira mphasa. Mwana ankabwera ndi madzi akumwa, pambuyo pake thobwa. Palibe amene ankamufunsa za malipiro.

Madzulo kunali chidyerano. Nyumba iliyonse inkatulutsa nsima ndi ndiwo zake. Amuna ndi anyamata ankadyera pamodzi kumphala, amayi ndi ana ankadyera kwaokha. Wamasiye ankadya. Nkhalamba yopanda womulimira inkadya. Mlendo ankapisa dzanja m'mbale imodzi ndi eni mudzi. Akakhala mlendo wolemekezeka, ankamuphera nkhuku, ndipo nthutumba inkakhala yake.

Makolo ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatinso kupatsa nkuika. Uku sikunali kukoma mtima kokha. Linali lamulo la moyo. Amene wadyetsa mnzake lero, mawa ndiye ali paulendo. Ndipo mlendo sankachoka osasiya kanthu. Ankasiya nkhani: kumene kwagwa mvula, kumene kukupezeka mchere, kumene kwabuka nkhondo. Nthawi zina ankasiya mbewu yachilendo.

ZAKUDYA ZAMBIRI ZINABWERA NGATI ALENDO

Nsima ya makolo akale sinali ya chimanga. Inali ya mapira, ya mchewere ndi ya mawere. Ndiwo zake zinali khobwe, nzama, therere, luni, bowa, mbewa, nsomba ndi nyama zam'tchire. Mbewu zimenezi ndi za mu Afirika muno.

Zina zinawoloka nyanja yaikulu ya kum'mawa kuchokera ku Asia. Nthochi, mzimbe, mpunga, mango ndi nandolo zinadzera kumeneko. Amalonda a Chiswahili ankakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete Apwitikizi asanafike.

Mu 1498 Vasco da Gama anafika pa chilumba cha Mozambiki. M'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Zombo zawo zinkapitanso ku Brazil. Motero mbewu za ku America zinayamba kufika kuno: chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, tomato, tsabola, papaya, nanazi ndi magwafa.

Chimanga sichinalande malo tsiku limodzi. Kwa zaka zambiri chinkalimidwa pambali pa mapira. Alimi anaona kuti chimacha msanga, chimadyedwa chachiwisi nthawi ya njala, ndipo makoko ake amachiteteza kwa mbalame, pamene mapira amafuna mwana woingitsa mbalame tsiku lonse. Pang'onopang'ono chinapambana m'madera okwera a mvula yambiri, monga Angónia ndi Macanga. M'madera otentha ndi ouma, monga Changara ndi Mágoè, mapira ndi mchewere sizinagonje. M'mbali mwa nyanja chinangwa chinakonda mchenga, ndipo nsima ya kondowole inakhala chakudya cha asodzi.

Angoni nawonso anabwera ndi zawo. Mu 1835 gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Pambuyo pake Angoni a Maseko anakhazikika kuzungulira phiri la Domwe. Iwo anali anthu a ng'ombe. Ankadya chambiko, uwende ndi nyama yowotcha pamoto. Mbatatesi, kabichi ndi tirigu zinabwera mochedwa, pamodzi ndi azungu.

Choncho tikadya nsima ya chimanga ndi chigwada chotendera, tikudya mbewu zitatu zochokera kutsidya kwa nyanja: chimanga, chinangwa ndi mtedza. Koma kukonola, kuviika mphale, kusinja, kupeta, kufutsa ndi kutendera ndi nzeru za amayi athu. Mbewu inabwera ngati mlendo. Manja a amayi anaisandutsa mbale wathu.

PAMENE CHAKUDYA CHINAYAMBA KUGULIDWA

M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 maulendo a malonda anakula. Ayao, Abisa ndi Achikunda ankayenda m'magulu aakulu atanyamula minyanga ya njovu, nsalu ndi mikanda. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anayenda ulendo womwewo, kudutsa m'dziko la Amaravi, ali ndi anthu mazana angapo.

Mudzi ungathe kudyetsa mlendo mmodzi. Sungathe kudyetsa anthu mazana. Choncho eni midzi anayamba kusinthanitsa ufa, nkhuku, mbuzi ndi mowa ndi nsalu kapena mikanda. Apa ndi pamene chakudya cha mlendo chinayamba kukhala ndi mtengo.

Koma si onse amene ankalipira. Amene anali ndi mfuti zambiri ankangolanda. Malonda a akapolo atakula, mlendo anayamba kuopedwa. Anthu anamanga malinga kuzungulira midzi. Ena anathawira kumapiri. Munthu amene wamupatsa thobwa lero ankatha kubwera mawa ndi goli. Lamulo la makolo linavulala, koma silinafe.

ZENERA LA KANTINA

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Apwitikizi anapereka zigawo zazikulu za dziko lathu kwa makampani. Companhia do Niassa inalamulira kumpoto mpaka 1929. M'chigwa cha Zambezi munali Companhia da Zambézia. Anthu anakakamizidwa kukhoma msonkho ndi kugwira chibalo. Kuyambira 1938 mpaka 1961 alimi ambiri anakakamizidwa kulima thonje, monga ku Mutarara ndi ku Morrumbala. Nthawi yopalira mapira inkathera m'munda wa thonje. Thonje silidyedwa. Nkhokwe zinachepa, ndipo mbale ya mlendo inachepanso.

M'nthawi yomweyo m'matauni munamangidwa mahotela ndi nyumba zodyeramo: ku Tete, ku Vila Cabral imene lero ndi Lichinga, ku Vila Coutinho imene lero ndi Ulongwe. Munali matebulo ansalu zoyera, mipeni ndi mafoloko. Ndani ankatema nkhuni? Munthu wakuda. Ndani ankaphika? Munthu wakuda. Ndani ankanyamula mbale ndi kuzitsuka? Munthu wakuda. Koma ndani ankakhala pa tebulo? Mtsamunda.

Pakhomo sipankafunika chikwangwani choletsa. Aliyense ankadziwa malo ake. Lamulo la atsamunda linagawa anthu. Ambirife tinkatchedwa "indígena", ndiye kuti munthu wopanda ufulu wa nzika. Owerengeka ankatchedwa "assimilado". Kuti munthu alandire dzina limeneli anayenera kulankhula ndi kulemba Chipwitikizi, ndi kusiya miyambo ya makolo ake. Kudya nsima ndi manja pamphasa kunkaonedwa ngati chizindikiro cha kusatukuka. Lamulo limeneli linathetsedwa mu 1961, koma chipongwe chinapitirira.

Malo a munthu wamba anali kantina, sitolo ya kumudzi ya Mpwitikizi kapena Mmwenye. Kumeneko mlimi ankagulitsa chimanga, nyemba ndi mtedza, nagula mchere, sopo, nsalu ndi mafuta a nyali. Akafuna buledi kapena chakumwa, kawirikawiri ankalandirira pazenera kapena pakhonde, nadyera panja ali chilili. Mwini kantina ndiye anali ndi sikelo. Ndiye anali ndi buku la ngongole. Mlimi sankatha kuwerenga nambala za pa sikelo, ngakhale zolembedwa m'bukumo. Pofika 1975, anthu 9 mwa anthu 10 alionse m'dziko muno sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Umbuli unali chida cha wodyera anzake masuku pamutu.

Ngakhale chikho chinalowa m'ndale. Dziko la Portugal linali ndi vinyo wambiri wosowa msika. Vinyo wotsika ankatumizidwa kuno, makamaka kummwera, kuti agulitsidwe kwa anthu akuda. Kuti vinyoyo ayende malonda, boma linkaletsa kutcheza ndi kugulitsa zakumwa zakumudzi. Asipayi ankaswa mbiya ndi kumanga amayi ofulula.

Komabe m'makhitchini a atsamunda akhukhi akuda anaonetsa luso lawo. Nkhuku yowotcha ya piripiri ndi nkhuku ya ku Zambézia yothira mkaka wa kokonati zinatchuka kufikira kunja. Manja ophika anali athu. Ulemu unkapita kwa mwini hotela.

KAMBA WA PANJIRA NDI PHOSO LA KUMGODI

Pothawa chibalo ndi pofuna ndalama za msonkho, amuna ambiri ananyamuka. Ena anapita ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ndi ku Bulawayo. Ena anapita ku Joni ndi Wenela. Ena analowa m'minda ya tiyi ya ku Mulanje, Thyolo, Milange ndi Gurué, kapena m'minda ya mzimbe ya ku Luabo ndi Marromeu. Ambiri ankayenda pansi masabata angapo. Kamba wa kunyumba ankatha asanafike.

Kuntchito ankalandira phoso: ufa, nyemba, mchere, nthawi zina kanyama. Ankaphika okha m'zitini, kutali ndi akazi awo. Pobwerera ankabwera ndi ketulo, makapu ndi chizolowezi cha tiyi, shuga ndi buledi. Ankabweranso atazolowera kugula chakudya ndi ndalama.

Njira zatsopano zinasonkhanitsa anthu. Mlatho wa sitima wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935. Njanji inafika ku Moatize mu 1949. Ku Tete, mlatho usanamangidwe, anthu ndi magalimoto ankadikira pantoni kuti awoloke Zambezi. Pamene anthu akudikira pamakhala njala. Amayi a m'midzi yapafupi anayamba kubwera ndi mbatata yophika, chimanga chowotcha, mtedza, zitumbuwa, nsomba ndi thobwa. Kenaka ena anabwera ndi mafuwa atatu ndi mphika, nayamba kuphika nsima pomwepo.

Amenewa ndiwo malo odyera athu oyamba. Analibe denga, analibe dzina. Denga lake linali mtengo wa mango kapena wa mlambe. Koma munthu wakuda ankakhala pansi, nasamba m'manja, nadya mwaulemu. Amayi amenewa maina awo sanalembedwe m'buku lililonse. Ife tiwakumbukire.

MUDZI UNADYETSA NKHONDO YA UFULU

Pa 25 Sepitembala 1964 FRELIMO inayamba nkhondo yomenyera ufulu. Ku Niassa inayambira m'mbali mwa nyanja, cha ku Cóbuè. Ku Tete inakula kuyambira 1968. Ankhondo a ufulu analibe sitolo kapena magalimoto onyamula chakudya. Anali ndi anthu. Alimi ankalima munda wa banja ndi munda wa ankhondo. Amayi ankasinja usiku, nasenza ufa pamutu kudutsa m'nkhalango. Ankhondo ankafika m'mudzi ngati alendo, ndipo lamulo lakale la mbale ya mlendo linagwira ntchito.

Atsamunda anazindikira kuti mphika ndi chida. Anasonkhanitsa anthu mokakamiza m'midzi ya mpanda wa waya, kuti chakudya chisafike kuthengo. Anatentha nkhokwe ndi minda. Pa 16 Disembala 1972, ku Wiriyamu pafupi ndi Tete, asilikali a atsamunda anapha anthu wamba mazana, powaganizira kuti akuthandiza ankhondo. M'masiku amenewo kupatsa mlendo nsima kunali kuika moyo pachiswe. Anthu anapatsabe.

ZITSEKO ZINATSEGUKA, MIPHIKA INALI YOPANDA KANTHU

Pa 25 Juni 1975 dziko lathu linalandira ufulu. Kuyambira tsiku limenelo palibe khomo la hotela limene likanatsekedwa chifukwa cha khungu la munthu. Chimenechi chinali chipambano chachikulu.

Koma mbiri iyenera kunena zoona zonse. Eni kantina ambiri anachoka, ndipo masitolo awo anatsekedwa. Boma linatsegula masitolo a anthu, otchedwa Lojas do Povo, ndi makoparetivu. Katundu sankakwanira. Anthu ankaima pamzere kuyambira mbandakucha pofuna mchere, shuga ndi sopo. Malonda amseri, otchedwa kandonga, anakula. Munthu ankatha kulowa m'nyumba yodyera imene kale inkamukana, nakhala pa tebulo, koma kukhitchini kunalibe chophika.

Kenaka kunabwera chilala cha 1982 mpaka 1984, chimene chinapha anthu ambiri ku Tete. Nkhondo ya pachiweniweni inafika m'midzi. Misewu inatsekeka. Minda inasiyidwa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Tanzania.

Apa ifeyo ndife tinakhala alendo. Ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, ku Mulanje ndi ku Nsanje, misasa ya othawa nkhondo isanakonzedwe bwino, amene anayamba kutilandira anali alimi anzathu, olankhula chinenero chathu, a mafuko athu omwe: Aphiri, Abanda, Ambewe, Amwale. Anagawana nafe ufa wawo wochepa. Zimene makolo anaika, ana anazipeza.

Ife aphunzitsi anu achinyamata tinabadwa nkhondo itatha. Zimenezi tinazimva kwa amayi ndi agogo athu. Ambiri a inu munaziona ndi maso. Mukukumbukira mzere wa phoso kumsasa. Mukukumbukira nsima yachikasu ya m'chilala cha 1992. Pa phunziro ili, inu ndinu aphunzitsi athu.

Pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere linasainidwa ku Roma. M'zaka zotsatira anthu anabwerera kwawo. Misewu inatseguka. Pamisika, pamasiteshoni ndi pamalire panadzuka mabaraka ansungwi, amatabwa ndi amalata. Ambiri anayambitsidwa ndi amayi, ena a iwo amasiye a nkhondo, ndi mphika umodzi ndi ufa wongongola. Ana ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama za nsima.

MBALE YA LERO, DERA NDI DERA

Lero munthu woyenda pa tchuthi angathe kudziwa dziko lake ndi pakamwa.

Ku Tete akadya mbuzi yowotcha. Mbuzi za kumeneko zimadya masau, malambe ndi masamba a m'tchire louma, ndipo nyama yake ndi yotchuka mpaka ku Maputo. Akadyanso pende wa mu Zambezi, ndi nsomba yong'amba yothira mchere yotchedwa chicoa, imene inatenga dzina la dera la Chicoa. Ana akamwa phala la malambe.

Ku Cahora Bassa akapeza kapenta. Kansomba kameneka nakonso ndi mlendo. Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Kanaikidwa m'damu la Kariba m'zaka za m'ma 1960, ndipo kanatsika ndi madzi a Zambezi kudzalowa m'nyanja ya Cahora Bassa, imene inayamba kudzaza kumapeto kwa 1974.

Ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene kumazizira, akadya mbatatesi, kabichi, nyemba ndi mapichesi. Mvula ikayamba akapeza ngumbi ndi bowa. Nthawi yokolola ikapita akapeza mbewa zapampani. Ku Lichinga akadya nyemba zotchuka za kumapiri.

Kunyanja, ku Metangula, ku Chuanga ndi ku Cóbuè, akadya chambo chowotcha, kampango, utaka ndi usipa, ndi nsima ya kondowole. Akaona mtambo wakuda pamwamba pa madzi, asaganize kuti ndi utsi. Ndi nkhungu, tizilombo touluka timene amayi amagwira ndi malichero, nakonza ndiwo.

Ku Milange akadya nandolo ndi mpunga. Akatsikira ku Quelimane akalawa nkhuku ya kokonati.

Alendo ochokera ku maiko akutali amalipira ndalama zambiri kuti adzalawe zimenezi. Mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba nsima ya anansi athu a ku Malawi m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse. Nsima imeneyo ndi yomweyi timaphika ife. Chakudya chimene mtsamunda ankachinyoza, lero dziko likuchilemekeza.

CHIKHO NDI UDINDO WAKE

Mbale siyenda yokha. Imayenda ndi chikho. Thobwa ndi la aliyense, mwana ndi mkulu. Mowa wamasese, umene ena amati pombe kapena kabanga, unali wa nthawi yake: pa dima, pa ukwati, pa maliro, pa nsembe. Unkamwedwa ntchito itatha, pamaso pa akulu. Kachasu ndi wobwera. Dzina lake linachokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti "cachaça". Mowa wa m'mabotolo ndi wa posachedwa. Laurentina unayamba kufululidwa mu 1932. Mu 2011 ku Nampula anayamba kufulula Impala, mowa wa chinangwa chogulidwa kwa alimi.

Kale mowa unali ndi tsiku lake. Lero umagulitsidwa tsiku lililonse. Bambo amene amathera ndalama za chimanga ku baraka pa tsiku la tchuthi, ana ake amagona ndi njala. Tchuthi chotero si tchuthi.

Wophika ndi wofulula amasunga moyo wa anthu m'manja mwake. Mu Januwale 2015, ku Chitima, anthu 75 anamwalira atamwa pombe pa mwambo wa maliro. Poyamba kunamveka mphekesera yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Anthu anayamba kukayikirana. Akatswiri atapima anapeza kuti munalibe mfiti kapena mdani. Poizoni anachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi kuwonongeka. Phunziro lake ndi lowawa, koma ndi lomveka. Ufa wonyowa, wovunda kapena wa nkhungu za chuku suyenera kuphikidwa. Suyeneranso kufululidwa. Tiutaye.

Chimodzimodzi ndi madzi. Kolera imayenda ndi madzi akuda ndi manja osasamba. Pa malo odyera, madzi osamba m'manja athiridwe kuchokera m'jagi, ndi sopo, osati anthu khumi kupisa m'beseni limodzi. Chakudya chivundikiridwe. Chimbudzi chikhale patali.

NTCHITO IMENE YATSALA

Khomo la hotela linatseguka mu 1975. Koma pali khomo lina limene lili m'mutu mwathu. Ena a ife timachitabe manyazi ndi chakudya chathu. Mlendo wa m'tauni akabwera timabisa mfutso, therere ndi nsima ya mapira, nkukongola ndalama zogulira mpunga ndi zakumwa za m'mabotolo. M'malo odyera ambiri muli tchipisi ndi nkhuku basi. Manyazi amenewa si athu. Anatisiyira ndi atsamunda.

Tikanyoza chakudya, mbewu yake imatayika. Mapira ndi mchewere zimapirira dzuwa pamene chimanga chafota. Amene anaona 1983 ndi 1992 akudziwa. Tikapha tiana ta nsomba ndi neti yotetezera udzudzu, mawa mlendo wa ku Metangula sadzapeza chambo, ndipo ana athu sadzapeza ndiwo.

Pali khomo linanso, la zilembo ndi nambala. Agogo athu ankaberedwa pa sikelo ya kantina chifukwa sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 dziko lathu linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akulu kulemba ndi kuwerenga. Ntchitoyo sinathe. Ndi imene tikuchita m'kalasi muno. Mayi wophika amene amadziwa kulemba amalemba bolodi la pakhomo pake: nsima ndi usipa, nsima ndi mbuzi, thobwa, ndi mtengo wake m'mametikali. Amalemba amene wadya pa ngongole. Amawerengera ufa, nkhuni, mafuta ndi msonkho wa pamsika, nadziwa ngati wapindula kapena waluza. Wapaulendo amene amadziwa kuwerenga amaona mtengo asanadye, amawerenga tsiku lothera ntchito pa botolo, ndipo chenji chake sichisowa.

Ndipo tisaiwale chiyambi. Lero nsima imagulidwa, ndipo nkoyenera kuti wophika alandire malipiro a thukuta lake. Koma padzafika munthu amene galimoto yamuthawa, amene waberedwa, amene akuchokera kuchipatala wopanda kanthu m'thumba. Makolo athu anali munthu ameneyo pa njira ya ku Joni. Amayi athu anali munthu ameneyo pa malire a Malawi. Mphika ukhale ndi chipande chimodzi cha iye.

Tchuthi chikubwerachi, mlendo akafika, timuyalire mphasa. Timupatse madzi oyera. Timuikire chakudya cha kwathu, osapepesa. Ndipo akafunsa kuti chakudyachi chinachokera kuti, timuuze mbiri yake.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi chidyerano chinali chiyani? Chikuchitikabe m'mudzi mwathu? Ngati chinatha, chinatha chifukwa chiyani?
2. Tchulani mbewu zitatu za makolo akale ndi mbewu zitatu zochokera kutsidya kwa nyanja.
3. Kodi mwini kantina ankamubera bwanji mlimi?
4. Amene munathawa nkhondo, ndani anakupatsani chakudya choyamba? Chinali chakudya chanji?
5. Kodi tikuphunzira chiyani pa zimene zinachitika ku Chitima mu 2015?

NTCHITO YOLEMBA

1. Lembani mawu awa: mbale, mlendo, mapira, nsima, thobwa, ufulu.
2. Lembani bolodi la malo odyera. Ikanipo zakudya zinayi za kwanu ndi mitengo yake.
3. Mayi wagula ufa, nkhuni ndi ndiwo ndi mametikali 600. Wagulitsa mbale 10 pa mametikali 80 mbale iliyonse. Kodi wapindula ndalama zingati?